Werengeraninso, Ana Anga a pa Soweto

Ana anga, inu okankha mawilibala pa Soweto, inu oitanira minibasi pa City Market ndi pa Kulima Tower, ndi inu amene mumangoima m'mbali mwa Lumumba Road kudikira chimene tsiku libweretse, khalani pansi mundimvere. Anthu akamakamba za inu amati ana a masiku ano saganiza. Ine ndakalambira mumsika muno, ndipo zimenezo sindizivomera. Mumaganiza, mumawerengera ndithu. Mnyamata asanatsomphole foni pawindo la minibasi amakhala ataona kale kumene kuli wapolisi, kanjira kothawira, munthu wokamugulitsa, ndi ndalama imene apatsidwe. Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti masamu anuwo ngolakwika, ndipo amene anakuphunzitsani kuwerengera motero ndi amene akudyerapo.

Meda ya wogulitsa wachinyengo mumaidziwa nonse. Kunja imafanana ndi zinzake, koma pansi pake anaigogoda ndi mwala kuti pakwere m'kati. Amathiramo nyemba za Kabulangeti mpaka kusefukira, n'kuponyerapo mbasela ya dzanja limodzi, wogula n'kuchoka akuthokoza. Kuchepa kwa nyembazo amakakuonera kunyumba, ana atazungulira mphika. Muyeso umene mukuyezera phindu la umbava ndi woterowo. Za lero umazionetsa zosefukira, za mawa umazibisa pansi.

Tiyeni tiwerengere limodzi, poyera. Tinene kuti muli atatu. Kwada, mayi wina akutsika basi foni ili m'manja. Mmodzi wamugwira pakhosi, wachiwiri walanda, wachitatu waima pakona kuyang'ana ngati kukubwera anthu. Foniyo mwiniwake anaigula K4,000, koma wogula zobedwa sangakupatseni yoposa K900, chifukwa akudziwa kuti mulibe kokadandaula. Mwagawana K300 aliyense. Pofika mawa madzulo yatha: nsima ya nkhuku, botolo, bandulo, yotsalayo mwabetchera mpira. Phindu lonse lathera pomwepo.

Tsopano onani mbali inayo, imene anzanu sakuuzani. Gawo 294 la malamulo a milandu a dziko la Zambia limati munthu akaba moopseza kapena movulaza, ali ndi chida kapena ali ndi mnzake mmodzi kapena kuposerapo, wapalamula mlandu umene kukhoti amautcha aggravated robbery. Mvetsetsani pamenepa. Sikuti mpaka munyamule mfuti kapena chikwanje. Kungokhala awiri, n'kumukankha munthu kapena kumuopseza pomulanda, mlandu wakwana. Chilango chake sichitsika zaka 15, ndipo chikhoza kufika moyo wonse. Woweruza ngakhale akumvereni chisoni, ngakhale amayi anu agubuduke pansi, lamulo lamumanga manja, sangatsitse. Iwe unaima pakona uja, usadzinamize kuti sunagwire munthu. Munapangana, ndiye mlandu ngwa nonse. Belo palibe. Mudzadikira ku Kamwala Remand, miyezi n'kumapita, mpaka nkhani yanu ikalowe ku High Court.

Tinene kuti m'ndendemo mwakhala bwino, akuchotserani gawo limodzi mwa magawo atatu monga amachitira ndi akaidi omvera. Zatsala zaka 10, ndiyo miyezi 120. Gawani K300 ija ndi miyezi 120. Mwadzigulitsa pa K2.50 pamwezi. Ndani mwa inu angalole kusenza thumba la anyezi kuchoka pa lole kukafika pa Los Angeles Road pamtengo umenewo? Mumakana, mumatsutsa, mumati thukuta lanu si laulere, ndipo mumanena zoona. Nanga bwanji unyamata wanu wonse mukuupereka pamtengo umene simungalole pa thumba limodzi?

Za kundende musazimvere kwa otulukako akaledzera. Iwo amabisa misozi n'kumadzitama kuti muziwaopa. Mu 2010 bungwe la Human Rights Watch, pamodzi ndi mabungwe ena awiri, linalemba zimene linaona m'ndende za muno: anthu opanikizana m'chipinda mpaka kugona chokhala, ena kugona mosinthana, chifuwa chachikulu chikufalikira usiku zitseko zitatsekedwa, chakudya chosakwanira, ana osakanizidwa ndi akuluakulu. Kuchokera nthawiyo boma lamanga ndende zina monga ya ku Mwembeshi, nthambi yoyang'anira ndende inasintha dzina kukhala Zambia Correctional Service, ndipo mu Disembala 2022 chilango cha imfa chinathetsedwa. Zonsezo n'zabwino. Koma ku Chimbokaila ndi ku Mukobeko anthu akadali ochuluka kuposa malo, ndipo zaka 10 ndi zaka 10 basi. Ukalowa uli ndi zaka 19 udzatuluka uli ndi 29. Anzako amene lero ukuwaseka kuti akuvutikira timakobiri udzawapeza ali ndi matebulo awo, ena akuperekeza ana awo kusukulu.

Pali wina amene simumuika n'komwe pa masamu anuwo. Pafupi ndi tebulo langa pankakhala mayi wina wogulitsa tomato, wolimbikira, wofika kusanache malole a ku Mkushi asanatsitse. Mwana wake atagwidwa, mayiyo anayamba kuweruka msanga kuti akapereke chakudya ku Kamwala. Mlandu utatha mwanayo anamutumiza kundende ya ku Kabwe. Ndalama ya basi, ya shuga, ya sopo, ya kapenta wokazinga, yonse inkachoka pa mpamba. Mabokosi asanu anasanduka atatu, atatu anasanduka limodzi. Ndinamuona tsiku lina akutola tomato wophwanyika amene ena anataya, akupukuta mmodzimmodzi ndi nsonga ya chitenje kuti aunjike timilu totchipa. Mng'ono wake wa mnyamatayo analeka sukulu kuti azithandiza. Lero tebulo lija lili ndi mwini wina. Ndipo mnyamatayo ankauza anzake kuti akuba kuti athandize amayi ake.

Yankho lanu ndikulidziwa. Mumati, "Amama, amagwidwa ndi ogona, ine ndine wochenjera." Akatswiri ofufuza za umbanda anaona kalekale kuti kukula kwa chilango sikuopsa munthu kwenikweni, chimene amafunsa mumtima n'chakuti, kodi andigwira lero? Akaona kuti lero sagwidwa, zaka 15 zija zimamveka ngati nthano. Ndipo tsiku loyamba kawirikawiri sugwidwadi. Tsoka lako limayambira pamenepo. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Palibe amene amaba kamodzi n'kusiya, chifukwa ndalama yobwera mosavuta sigona m'thumba, ndipo dzanja likazolowera silifunsanso mutu. Tinene kuti ndiwe wochenjeradi, umagwidwa kamodzi kokha pa maulendo 20. Ukamaba kawiri pa sabata, maulendo 20 amenewo akwana miyezi itatu isanathe. Wapolisi akakuphonya ka 19 amakagona kwawo bwinobwino. Iwe ukaterereka kamodzi, zako zatha.

Musaiwalenso kuti Lusaka wa lero ali ndi maso ambiri. Foni iliyonse ili ndi nambala yake ya m'kati imene sichoka ngakhale mutataya SIM. SIM iliyonse inalembetsedwa pa NRC ya munthu, monga a ZICTA analamulira. M'misewu ya m'tauni muli makamera. Ndipo mnzako amene munalumbirirana kuti simudzaululana, akangogona usiku umodzi m'selo adzatchula dzina lako, la amayi ako, ndi nyumba imene umagona.

Komanso kugwidwa ndi apolisi ndi mwayi. Mukudziwa chimene chimachitika muno mawu akuti "kawalala!" akangomveka. Msika wonse umanyamuka ndi miyala, zitsulo ndi mathabwa a mabokosi a tomato. Palibe amafunsa kuti waba chiyani. Ana ambiri afika ku UTH atazizira kale, pepala lawo n'kulembedwa BID, amayi awo n'kukawazindikira ndi malaya. Kumbukirani 2020, nthawi ya mantha a anthu opopera mankhwala m'nyumba, amene anayambira ku Chingola n'kufalikira dziko lonse. Anthu pafupifupi 50 anaphedwa ndi magulu olusa, ambiri mwa iwo popanda umboni uliwonse. Musadziike pamalo poti gulu likuthamangitseni. Ndipo gulu likamathamangitsa wina musatole mwala, chifukwa kupha ndi kupha basi, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndisanayambe malonda ndinali mphunzitsi, choncho ana ndinawaonera pafupi. Mwana akakhala yekha ndi wanzeru. Muike pakati pa anzake asanu, nzeru zija zimathawa. Ku America akatswiri awiri, Margo Gardner ndi Laurence Steinberg, anafalitsa kafukufuku wa zimenezi mu 2005. Anapatsa anthu masewera oyendetsa galimoto pa kompyuta, pamene woyendetsa amayenera kusankha kuima kapena kupitiriza nyali yachikasu ikayaka. Achinyamata akamasewera okha ankasamala pafupifupi ngati akuluakulu. Anzawo akangokhala pambali kuonerera, ankathamangira ngozi mowirikiza, pamene akuluakulu sankasintha kwenikweni. Madokotala amatinso mbali ya ubongo imene imauza munthu kuti "dikira kaye" imakhwima mochedwa, munthu atadutsa kale zaka 20. Umenewo si mlandu wanu, tonse tinadutsa momwemo. Koma poti mwadziwa, dzitetezeni. Musavomere chinthu chachikulu anzanu akukuyang'anani. Nenani kuti, "Ndiyankha mawa." Dilu imene singadikire mawa ndi msampha. Akakutchani amantha, lolani, chifukwa okusekaniwo palibe ndi mmodzi yemwe adzakwere basi ya ku Kabwe kukakupatsani buledi.

Musawerengere mutamwa. Tujilijili boma linaletsa mu 2012, nthawi imene Nkandu Luo anali nduna ya maboma aang'ono, chifukwa ngakhale ana asukulu ankatinyamula m'matumba. Koma mowa womwewo unabwerera m'timabotolo. Onjezanipo chamba, mankhwala a chifuwa amene mumamwa botolo lathunthu musakudwala, ndi mankhwala ozunguza bongo a ku Chibolya otchedwa volo. Zinthu zimenezi zimachotsa mantha amene akanakupulumutsani, kenako zimakuikani pa ngongole ya m'mawa uliwonse. Munthu amene thupi lake likunjenjemera kufuna volo sasankhanso, amangotumidwa. Dzina loti majanki limandiwawa ine, chifukwa ena mwa inu ndinakuonani muli kumsana kwa amayi anu. Koma dzinalo likakumamatirani, tsiku limene apolisi abwere ndi lole sadzafunsa kuti waba ndani, wangokhala nawo ndani.

Musanavomere chilichonse funsani kuti akudya ndani. Foni ija wogula zobedwa akaigulitsa katatu kuposa mtengo umene anakupatsani, atakhala pamthunzi, atabisala pakati pa amalonda oona mtima a pa Katondo Street. Waya wa ZESCO amene mumadula usiku, wogula zitsulo amakulipirani pa kilo, koma wopsa ndi magetsi ndinu, ndipo wolandira zaka zosachepera 10 pa mlandu woononga katundu wothandiza anthu onse ndinu. Si kuno kokha. Ku Chicago akatswiri ena awiri, Steven Levitt ndi Sudhir Venkatesh, anaona mabuku a ndalama a gulu lina logulitsa mankhwala ozunguza bongo, n'kufalitsa zimene anapeza mu 2000. Anyamata oima m'misewu, amene ankaomberedwa ndi kumangidwa, ankapeza ndalama yongofanana ndi malipiro otsikitsitsa a ntchito wamba, ndipo ambiri ankakhalabe kwa amayi awo. Wonenepa anali mtsogoleri.

Muno mumsika tinazionanso ndi maso chisanafike chaka cha 2021, pamene makada a chipani ankatolera ndalama m'misika ndi m'masiteshoni a basi. Anyamata ankapatsidwa malaya a chipani, mowa ndi zikwanje, n'kumadziona ngati boma ndi iwowo. Ulamuliro utasintha mu Ogasiti 2021, akuluakulu aja anathamangira kwa maloya awo. Anyamata anatsala ndi zipsera ndi adani. Chipani chilichonse, kaya n'cholamula kaya n'chotsutsa, chikadzakutumani kukamenya munthu, mufunse wotumayo kuti mwana wake ali kuti tsikulo.

Inu a ku Kabwata ndi ku Chelstone, amene muli ndi satifiketi ya Giredi 12 ndi Chingerezi chosalala, musaganize kuti ndikulankhula ndi okankha mawilibala okha. Ambiri a inu si njala imene ikukukankhani. Ndi kubetcha kumene kwadya fizi ya kukoleji, ndi manyazi oopa kuuza abambo, ndi zithunzi za anzanu pa Facebook. Msampha wanu umabwera utavala tayi. Mu Epulo 2024 a DEC, bungwe lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, pamodzi ndi apolisi analowa mu ofesi ya kampani yotchedwa Golden Top Support Services ku Roma n'kugwira anthu 77. Anapezamo ma SIM oposa 13,000. Achinyamata a muno a zaka za pakati pa 20 ndi 25 analembedwa ntchito yooneka ngati ya muofesi, yocheza ndi anthu pa WhatsApp ndi Telegram motsatira mawu owalembera kale, cholinga chili kubera anthu a m'maiko osiyanasiyana. Mu Juni chaka chomwecho khoti linagamula akuluakulu a gululo, ambiri a ku China, kuti akakhale m'ndende zaka za pakati pa 7 ndi 11. Ntchito ikakuuzani kuti mudzitche dzina lina, tulukani tsiku lomwelo. Musabwereke munthu NRC yanu kuti alembetsere SIM. Musalole ndalama ya munthu wosamudziwa idutsire pa Airtel Money kapena pa MoMo yanu, chifukwa ofufuza akadzatsatira ndalamayo adzafikira pa dzina lanu.

Musanyamule phukusi limene simunaone m'kati. Mwana wathu wina wanzeru, amene ankaphunzira za nyukiliya ku Moscow, ankagwirako ganyu yopereka maphukusi. Mu 2020 anagwidwa ndi phukusi la mankhwala ozunguza bongo, limene abale ake amati sankadziwa za m'kati mwake. Anagamulidwa zaka zoposa 9. Kundende komweko anamulemba usilikali wa gulu la Wagner, ndipo mu Seputembala 2022 anafera kunkhondo ya ku Ukraine ali ndi zaka 23.

Ana anga aakazi, inu ogwira ntchito m'nyumba za ku Kabulonga ndi ku Woodlands, ndi inu okhala m'timabuthi totumizira ndalama, tcherani khutu. Chibwenzi chikayamba kufunsa kuti abwana amachoka nthawi yanji, agalu amatsekeredwa kuti, ndalama za m'buthi zimatengedwa liti, dziwani kuti sichikufuna inu. Nyumba ikathyoledwa woyamba kutengedwa ndi wantchito wa m'nyumbamo. Mnyamatayo adzakwera basi ya ku Kitwe, inu mudzatsala mukuyankha. Ndi inunso ang'onoang'ono, akuluakulu akamakutumani amati, "Iwe ndiwe mwana, sangakumange." Akunama. Lamulo la 2022 linati kuyambira zaka 12 mwana akhoza kuyankha mlandu, ndipo ku Nakambala ku Mazabuka ndi ku Katombora kufupi ndi Livingstone kuli ana anzanu amene anakhulupirira mawu omwewo.

Pali mawu ena amene mumandiponyera, ndipo sindiwapeputsa. Mumati, "Amama, akuluakulu akudya mamiliyoni ndipo akuyendabe pa ma VX." Mumatchula galimoto 42 zozimitsira moto zimene zinagulidwa pa $42 miliyoni mu 2017. Mumatchula K65 miliyoni imene inapezeka m'nyumba ina ku New Kasama mu 2021, mwiniwake n'kungoipereka ku boma osalowa m'ndende. Mumatchula njala ya 2024, chilala chitapsereza chimanga, magetsi akuzima tsiku lonse, thumba la ufa la makilogalamu 25 litadutsa K300, m'nyumba zambiri akudya timapaketi ta ufa ta pamela kamodzi patsiku. Zonsezo zinachitikadi, ndipo inenso zimandipsetsa mtima. Dziko lino lili nanu ngongole. Koma yang'anani amene mukumulanga. Amene mumamulanda foni pa Lumumba si nduna. Ndi mayi wa ku Kanyama kapena ku John Laing amene anasonkha chilimba miyezi yambiri kuti aigule, ndipo m'foni imeneyo ndi mmene muli mpamba wake wonse. Nkhani za akuluakuluzo zikuphunzitseninso ichi: iwo ali ndi maloya, ali ndi chobweza, inu mulibe. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Inu simuli pamkhate, muli pabwalo poyera. Mkwiyo wanuwo pitani nawoni kumene ungagwire ntchito. Kalembetseni kuvota. Kafunseni khansala wanu kumene zapita ndalama za dera lanu.

Tsopano ndinene chimene ndikulirira kwenikweni. Chuma chachikulu cha pa Soweto ndi dzina, ndipo ndicho chikupulumuka m'manja mwanu inu osadziwa. Yang'anani mmene msika uno umayendera. Mlimi wa ku Mumbwa kapena ku Chisamba amatsitsa mabokosi ake usiku n'kuwasiya m'manja mwa womugulitsira, popanda pepala lililonse. Mayi wooda kapenta wa ku Mpulungu kapena mtedza wa ku Chipata amatenga katundu m'mawa, ndalama n'kudzapereka madzulo. Amayi khumi amasonkha chilimba, aliyense akukhulupirira kuti mnzake sathawa. Iwe wa wilibala, mayi amakukwezera katundu wa masauzande, iye n'kutsalira akugula zina, iwe n'kulowa m'chigulu cha anthu mpaka osaonekanso, ndipo amakakupeza pa basi ukumudikira, thumba lililonse lili momwe analimangira. Mawa adzakufunafuna ndi dzina. Adzauza anzake. Ambiri amene lero ali ndi mashopu ndi ma Canter anayambira pamenepo. Moto utapsereza City Market mu Julayi 2017, ndiponso kolera itatsekesa misika kumayambiriro kwa 2018, anthu ambiri anataya zonse. Ndinaona amene anadzuka msanga. Anali aja amene akanatha kupita kwa wooda chimanjamanja n'kupatsidwa katundu pangongole, chifukwa sanabepo ngakhale anyezi mmodzi.

Boma nalonso lili ndi buku lake. Mukapezeka olakwa, zidindo za zala zanu zimasungidwa kupolisi. Tsiku lidzafika lofuna police clearance: pofunsira usilikali kapena ZNS, pofunsira ulonda, pofuna kuyendetsa lole yodutsa pa Chirundu ndi pa Nakonde, pofuna chilolezo chokagwirira ntchito kunja. Pamenepo mnyamata wa zaka 19 uja adzatsekera chitseko bambo wa zaka 35, wa ana atatu, amene anasiya zoipa kalekale. Bambo ameneyo ndiwe wemwe. Mumvere chisoni lero.

Sindikukunamizani kuti njira yoongoka njofewa. Wilibala imathyola msana, matope a pa Soweto nthawi ya mvula amafika m'akakolo, ndipo phindu lake limabwera pang'onopang'ono. Koma ndalama yake umaidya utakhala pansi, osatembenuka galimoto ikaima kumbuyo kwako. Makomo ena atsegukanso. Kuyambira Januwale 2022 sukulu za boma n'zaulere mpaka Giredi 12. Inu amene munalekeza chifukwa cha fizi, bwererani, musachite manyazi ndi msinkhu. Ndalama ya chitukuko cha madera, ya CDF, inakwera mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo gawo lina ndi lolipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja m'sukulu zovomerezeka ndi TEVETA: kuwotcherera zitsulo, ukalipentala, zamagetsi, kusoka, umakaniko. Mafomu amadutsira ku komiti ya chitukuko ya wadi yanu. Amachedwa, ena amabwezedwa, mizere imatopetsa. Pitaninso. Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. Khalani asanu odalirana, muzisonkha K10 patsiku, mugule wilibala yanuyanu m'malo molipira ya munthu m'mawa uliwonse.

Iwe amene walowamo kale, ndikulankhula nawe tsopano, mwana wanga. Sunachedwe. Tuluka zala zako zisanadindidwe. Usalengeze kwa gulu kuti wasiya, ingoyamba kusowa. Sintha malo ogona. Pita kwa amalume ku Chongwe kapena kumudzi ku Petauke, ukalimeko nyengo imodzi. Uza munthu wamkulu mmodzi zoona zonse, kaya ndi azakhali, abusa, shehe kapena wapampando wa msika, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ngati thupi lagwidwa ndi mankhwala, a DEC ali ndi nthambi yolangiza, ndipo ku Chainama amathandiza. Kupitako si misala. Ukagwidwa usathawe, usalimbane ndi munthu wa mfuti. Nena zaka zako zenizeni. Ngati sunakwane 18 pempha kuti aitane kholo lako. Usasaine pepala limene sunaliwerenge kapena sanakuwerengere m'chilankhulo chako. Police bond njaulere pa milandu imene imalola, ndipo a Legal Aid Board alipo kuti aimire amene alibe ndalama ya loya. Uza abale ako akawafune msanga.

Ndipo iwe amene watuluka kumene, amene anthu akufumbata zikwama ukamadutsa, usabwerere kwa anzako akale chifukwa choti ndi okhawo akukupatsa moni. Bwera kwa ife amayi a mumsika m'mawa, malole akutsitsa. Tidzayamba kukutuma thumba limodzi, pafupi, tikukuyang'ana, usakhumudwe nazo. Ukalifikitsa tidzakutuma awiri. Mwezi ukatha ndidzakutchula kwa mlimi amene amandibweretsera anyezi, chifukwa akufuna mnyamata womutsitsira katundu.